Kodi Munthu Angabzalidwe Ngati Chinangwa?

Mlimi aliyense wa m'zigwa za Kasungu amadziŵa kuti kubzala kuli paŵiri. Pali mbeu zimene timafesa njere zake, monga fodya, chimanga ndi mtedza. Ndipo pali zina zimene timangodula chiŵalo cha mbeu yakale nkuchikwirira m'nthaka, monga chinangwa, mbatata, nzimbe ndi nthochi. Njere ya chimanga imapangika pamene mungu wochokera ku ngaiyaye wagwera pa ndevu za chitsononkho, ndipo phesi lomera kuchokera m'njereyo limatengako kuno ndi uko. Koma kamtengo ka chinangwa kalibe bambo, kalibe mai. Chimene chimaphuka pamenepo ndi chinangwa chakale chomwe chija, chikungopitirira m'munda wina. Ngati chinali chokoma, ichinso chidzakoma. Ngati chinali choŵaŵa, ichinso chidzaŵaŵa.

Makolo athu akhala akubzala motere kuyambira kalekale, ndipo palibe amene adaziyesa tchimo kapena matsenga. Koma pa zaka makumi angapo zapitazi, akatswiri a sayansi aphunzira kuchita ndi nyama zimene ife timachita ndi chinangwa. Pa Chingerezi amati cloning. Ife tinganene kuti kukopera chamoyo, ndiye kuti kupanga chamoyo chatsopano chofanana chibadwa ndi china chimene chilipo kale, popanda kukumana kwa chachimuna ndi chachikazi. Adayamba ndi achule, adafika pa nkhosa, ng'ombe ndi agalu, ndipo tsopano afika pa anyani. Amene akuonekera patsogolo pa mndandanda umenewu ndi munthu.

Mwina ena mwa inu, aŵerengi okondedwa, mudzati: zimenezo nza maiko olemera, ife zikutikhudza bwanji pamene tikulimbana ndi mtengo wa feteleza? Zoonadi, palibe labotale ya mtundu umenewo pakati pathu. Koma funso limene lagona pansi pa nkhaniyi ndi la m'nyumba iliyonse ya udzu ndi ya malata yomwe: kodi mwana nchiyani, ndipo ngwa yani? Tisanaweruze, tiyambe tamvetsa zimene akatswiriwo amachita.

Mmene kukopera kumachitikira

Thupi la chamoyo lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Pakati pa selo pali phata, ndipo m'phatamo mudasungidwa malangizo onse a chibadwa, amene ophunzira amaŵatchula kuti DNA. Malangizo ameneŵa ndiwo amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya agogo ake kapena msinkhu wa atsibweni ake. Wobadwa mwa njira ya masiku onse amalandira theka la malangizowo kwa bambo, theka lina kwa mai. Pokopera, akatswiri amatenga dzira la nyama yaikazi nkuchotsamo phata lake, kenaka nkuikamo phata la selo la nyama ina yaikulu kale, lochokera mwina pakhungu kapena pakhutu. Akalidzidzimutsa ndi mphamvu pang'ono ya magetsi, dzira lija limayamba kugaŵikana ngati kuti lakumana ndi mbeu yamphongo. Likasanduka mluza amaliika m'chiberekero cha nyama yaikazi ina kuti idzabale.

John Gurdon wa ku Oxford adaonetsa mu 1962 kuti zimenezi nzotheka ndi achule. Padapita zaka zoposa 30 kuti zitheke ndi selo la nyama yoyamwitsa yaikulu. Pa 5 Julayi 1996, ku Roslin Institute pafupi ndi mzinda wa Edinburgh ku Scotland, kudabadwa kankhosa kamene adakatcha Dolly. Gulu la Ian Wilmut ndi Keith Campbell lidakakopera kuchokera ku selo la m'bere la nkhosa ya zaka 6. Nkhaniyo italengezedwa mu Febuluwale 1997, dziko lonse lidadzidzimuka. Koma chiŵerengero chimene tiyenera kuchisunga pamtima ndi ichi: adayesa mazira 277; mwa ameneŵa, 29 okha ndiwo adasanduka miluza yoti nkuikidwa m'ziberekero za nkhosa 13; ndipo kankhosa kobadwa kanali kamodzi kokha.

Dolly adakula, adabala ana 6, ndipo adaphedwa mu Febuluwale 2003 atadwala mapapo, ali ndi zaka 6 ndi theka. Ambiri adaganiza kuti adafa msanga chifukwa chokoperedwa, koma matenda akewo amagwiranso nkhosa wamba, ndipo mu 2016 akatswiri a ku Nottingham adalengeza kuti nkhosa zina zinai zokoperedwa kuchokera ku maselo omwewo zidakalamba bwinobwino. Chimene sichidasinthe kwenikweni nchakuti miluza yambiri imafera m'njira, mimba zambiri zimachoka, ndipo ana ena amabadwa aakulu mopitirira muyeso kapena ndi ziŵalo zopunduka. Ku Shanghai, dziko la China, kumapeto kwa 2017 kudabadwa anyani aŵiri okoperedwa, Zhong Zhong ndi Hua Hua, ataika miluza 79 mwa anyani aakazi 21.

Za ziŵeto

Kuno ku Afrika nakonso zimenezi zidafika. Mu Epulo 2003, ku Brits m'dziko la South Africa, kudabadwa kathole kotchedwa Futhi, mau a Chizulu otanthauza kuti "kaŵirinso". Adakakopera kuchokera ku selo la pakhutu la ng'ombe ina yotchuka ndi mkaka wambiri. Mu 2012, ku bungwe lofufuza za ziŵeto la ILRI ku Nairobi, kudabadwa Tumaini, kang'ombe kamphongo ka mtundu wa Boran. Cholinga cha akatswiri a ku Kenya chinali choti atsegule njira yopezera ng'ombe zosagwidwa ndi matenda amene amafalitsidwa ndi kashembe. Aliyense amene adaŵetapo ng'ombe m'malire a nkhalango ya Kasungu, kapena amene adaona mbale wake akudwala kaodzera, sangaseke cholinga chotere.

Mpingo sudanene kuti kukopera mbeu kapena nyama nkoletsedwa pakokha. Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu adapatsidwa udindo woyang'anira zolengedwa, ndipo nzeru zimene amagwiritsa ntchito pa udindowo nzochokera kwa Mulungu. Mu 1997, chaka chimene mbiri ya Dolly idamveka, bungwe la Apapa loona za moyo lidafotokoza kuti kufufuza kotere kuli ndi malo ake pa zomera ndi nyama, ngati kuli kothandizadi, ngati nyamazo zikutetezedwa, ndiponso ngati mitundu yosiyanasiyana ya zamoyo ikusungidwa. Katekisimu wa Mpingo amaonjeza malire aŵiri: nkulakwa kuzunza nyama popanda chifukwa, ndipo nkulakwa kumwazira nyama chuma chimene chikadathandiza anthu ovutika. Ku America kuli makampani amene amakopera galu wa munthu wolemera pa mtengo wa madola pafupifupi 50,000. Aliyense aŵerenge yekha kuti ndalama zimenezo zingakumbe mijigo ingati.

Chenjezo la mitundu yosiyanasiyana ife tidaliphunzira ndi misozi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, matenda a chisaka adaloŵa mu nthochi za m'Malaŵi muno, ndipo minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, imene idaphunzitsa ana ambiri sukulu, idaonongeka koopsa. Nsabwe za m'nthochi zimafalitsa matendaŵa, koma alimi enieniwo adaŵafalitsanso mosadziŵa popatsana mphukira. Popeza mphukira ya nthochi ndi chokopera cha make, imanyamula matenda a make, ndipo popeza nthochi zonse za mtundu umodzi nzofanana chibadwa, chimene chapha imodzi chimapha zonse. Khate la chinangwa limayendanso chimodzimodzi m'timitengo tobzala. Ng'ombe zathu zamalinunda nzazing'ono ndipo mkaka wake ngwochepa, koma zimapirira chilala ndi nkhupakupa chifukwa mibadwo yambiri idazizoloŵeza dziko lino. Khola lodzaza ndi ng'ombe imodzi yokoperedwa kambirimbiri lingaoneke lokongola, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho pa ziŵeto funso nla nzeru ndi muyeso: phindu lake nlotani, likupita kwa yani, ndipo likudyetsa nyama zingati kuti lipezeke? Tikafika pa munthu funso limasintha mtundu.

Munthu sabwerezedwa

Mpaka lero palibe umboni wakuti padabadwapo munthu wokoperedwa. Kagulu kena kotchedwa Clonaid kadalengeza mu Disembala 2002 kuti kabadwitsa mwana wotere, koma sikadamuonetse kwa wina aliyense wotha kutsimikiza. Komabe mu 2013 gulu la Shoukhrat Mitalipov ku Oregon, m'dziko la America, lidakwanitsa kupanga miluza ya anthu mwa njira yofanana ndi ya Dolly nkutengamo maselo. Chitseko chidakali chotseka, koma tsopano kiyi wake akudziŵika.

Anthu amene amalakalaka njirayi kaŵirikaŵiri amanyengedwa ndi ganizo limodzi, lakuti wokoperedwayo adzakhala munthu yemwe uja atabwerera. Mai amene waika m'manda mwana wake mmodzi yekha, ndani angamdzudzule akalota zoti mwanayo angabwezedwe? Koma tiyang'ane mapasa ofanana. Iwo adachokera m'dzira limodzi ndipo malangizo awo a chibadwa ndi amodzi, komabe mai wao saŵasokoneza. Wina amakhala wofatsa, wina waliuma; wina amakwatiwa ku Santhe, wina amaloŵa usisitere. Pa ubatizo wansembe amathira madzi kaŵiri ndi kutchula maina aŵiri, pakuti pali mizimu iŵiri. Ngakhale pa nyama kufanana kwake sikufika pamene anthu amaganizira. Mphaka woyamba kukoperedwa, amene adabadwa ku Texas mu Disembala 2001, adatuluka ndi maŵanga osiyana ndi a mphaka amene adamkopera.

Mwambo wathu umadziŵa bwino kusiyana kumeneku. Dzina la Mwase, la Lukwa kapena la Kaomba silifa. Mfumu ikagona, wina wa m'banjamo amaloŵa dzinalo nkukhala pa mpando womwewo. Komabe anthu amati: uyu ngwachangu pa milandu, malemu aja anali odekha. Timatchanso mwana dzina la agogo ake amene adatisiya, ndipo nthaŵi zina timamnyadira pomuitana kuti agogo, koma palibe amene angakamfunse za munda umene malemuwo adabwereketsa. Dzina limaloŵedwa ndipo nkhope imatengedwa, koma munthu mwini amakhalapo kamodzi.

Tsono mwana wokoperedwa, atabadwa, adzakhala munthu weniweni, wokhala ndi mzimu wakewake, woyenera chikondi ndi ubatizo monga wina aliyense. Iye sadzakhala ndi mlandu uliwonse. Mlandu udzakhala wa amene adampanga, ndipo katundu wake adzasenza ndi iyeyo. Taganizani za mwana amene akukula akudziŵa kuti adafunidwa chifukwa cha wina. Amene akalephera masamu adzauzidwa kuti mkulu wako uja ankakhoza. Amene akayang'ana nkhope ya wokalamba wina akuona mmene iye adzaonekere ndi matenda amene angadzadwale. Aliyense wa ife adapatsidwa mwai woyenda njira imene palibe adaipondapo. Wokoperedwa adzayenda ndi chithunzi cha munthu wina chitapachikidwa patsogolo pake.

Kubala ndi kupanga

Pamenepa ndi pamene pagona mtima wa nkhaniyi. M'chinenero chathu timasiyanitsa kubala ndi kupanga. Mmisiri amapanga mpando: amayamba wauganizira, amasankha thabwa, amayeza, ndipo ukapanda kumkomera amauphwasula. Mpandowo uli pansi pa iye, pakuti udachokera m'maganizo mwake ndi m'manja mwake. Koma bambo ndi mai akabala mwana, sadziŵa kuti adzakhala wotani. Amapatsana okha, ndipo m'kupatsana kumeneko Mulungu amaŵapatsa mlendo. Nchifukwa chake timati kwa uje kwabwera mlendo, kapena kuti alandira mphatso. Mlendo sitimuitanitsa ndi miyeso. Timamlandira mmene wabwerera. Ndipo popeza makolo sadampange, mwanayo ngwofanana nawo ulemu ngakhale akadali pamsana.

Anthu a ku Kasungu amadziŵa bwino mmene chinthu chopangidwira msika chimayendera. Ku Mwimba, m'boma lomweli, akatswiri a bungwe la ARET amayesa mitundu ya fodya kuti mlimi apeze mbeu yodalirika, chifukwa wogula amafuna tsamba lofanana. Pa nazale mbande zofooka timazisiya. Fodya akauma m'chigafa, banja lonse limakhala pansi kumsankha: tsamba lalitali pakepake, lofiirira pakepake, lankhungu kudzala. Akadindidwa m'mabelo amapita ku msika wa Chinkhoma, kumene wogula amasolola tsamba, nkuliyang'ana, nkulemba mtengo kapena kubweza belo lonse. Palibe choipa m'kusankhako, pakuti fodya adalimidwira zomwezo. Koma tengani kachitidwe komweko muike pa mwana. Amene wakopera munthu wayamba wasankha kuti akufuna wotani, walipira, ndipo akuyembekeza katundu wogwirizana ndi chitsanzo. Nanga mwanayo akabadwa wolumala, monga zimachitikira ndi ana a ng'ombe ambiri okoperedwa, belo limenelo adzalibweza kwa yani? Ndipo mazira 277 aja a Dolly, akadakhala a anthu, 276 otsalawo tikadaŵatcha chiyani?

Ichi ndicho chifukwa chake chikalata cha Mpingo chotchedwa Donum Vitae, cha mu 1987, chidakana kukopera munthu Dolly asanabadwe nkomwe, ndipo china chotchedwa Dignitas Personae, cha mu 2008, chidabwereza kukanako. Maziko ake ndi akuti munthu aliyense ayenera kuyamba moyo wake m'chikondi cha mwamuna ndi mkazi okwatirana, ndi kuti palibe munthu amene ali ndi ufulu wolamula chibadwa cha mnzake monga mwini amalamulira katundu. Pa mfundo yokana kubadwitsa mwana wokoperedwa, Mpingo suli wokha. Bungwe la UNESCO lidanenanso mu 1997 kuti mchitidwe umenewu ngwotsutsana ndi ulemu wa munthu, ndipo maiko ambiri adauletsa m'malamulo ao.

Palinso nkhani ya chibale, imene kwa ife Acheŵa si yaing'ono. Tiyerekeze kuti mai wina wakoperedwa, ndipo mwiniwake wanyamula mimbayo. Mtsikana wobadwayo adzamutcha maiyo kuti amai, koma mwa chibadwa ndi mng'ono wake wamapasa. Amene adzaŵatche agogo ndiwo makolo ake enieni. Amene adzaŵatche atsibweni, eni mbumba, oyenera kudzaima ngati ankhoswe pa ukwati wake, mwa chibadwa ndi alongo ake. Ndipo bambo alibe. Ife timadziŵa munthu pofunsa kuti ngwa kwa yani, wabadwa mwa yani, mfunda wake ndani. Mwana amene sangathe kuyankha mafunso ameneŵa tamlanda chinthu chimene ngakhale mwana wamasiye ali nacho.

Mluza usasanduke chizimba

Akatswiri ambiri amavomereza kuti kubadwitsa munthu wokoperedwa nkosayenera. Chimene ena amafuna nchina: kukopera mluza kuchokera ku selo la wodwala, kuulola ukule masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, kenaka kuuphwasula nkutengamo maselo amene angathe kusanduka chiŵalo chilichonse cha thupi. Chiyembekezo chao nchakuti maselo otere angadzathandize odwala shuga, opuwala msana ndi ena, ndipo thupi la wodwalayo silingaŵakane popeza ngakeake. Tisaŵanamizire anthu ameneŵa: ambiri mwa iwo ngachifundo, ndipo amakhulupirira moona kuti mluza wa masiku asanu sunafike pokhala munthu. Dziko la Britain lidaloleza kufufuza kotere mu 2001, kwinaku likuletsa kubadwitsa mwana wokoperedwa. Pamene bungwe la United Nations lidapempha maiko mu Malichi 2005 kuti aletse kukopera munthu kwa mtundu uliwonse kosemphana ndi ulemu wake, maiko 84 adavomera, 34 adakana, 37 adakhala chete, ndipo chimene chidaŵagaŵanitsa ndi mfundo imeneyi.

Koma tifunse: mluza umenewo ukasiyidwa m'malo ake oyenera, umasanduka chiyani? Aliyense wa ife, mfumu ndi mbusa wa ng'ombe yemwe, adakhalapo kanthu kakang'ono kotero. Palibe tsiku limene chinthu china chidachoka nkubwera munthu. Ndi yemweyo amene adangokula. Nchifukwa chake Mpingo umaphunzitsa kuti moyo wa munthu ulemekezedwe kuyambira pa chiyambi pake penipeni, ndipo Papa John Paul II, polankhula kwa madokotala osintha ziŵalo ku Rome pa 29 Ogasiti 2000, adakana njira yokopera miluza nkuiononga ngakhale cholinga chikhale chochiza, nalimbikitsa kufufuza maselo a anthu aakulu.

Ife Amalaŵi tili ndi chilonda chimene chiyenera kutichenjeza. Kuyambira cha m'ma 2014, abale athu achialubino akhala akubedwa, kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha bodza lakuti mafupa ao ndi chizimba cha chuma. Sitikunena kuti dokotala wa m'labotale ndi chigaŵenga chotere. Mitima yao njosiyana kutalitali. Koma tidaona ndi maso athu kumene ganizo lina limafikitsa anthu, ganizo lakuti thupi la munthu mmodzi lingakhale mankhwala a munthu wina. Kupanga moyo wa munthu ndi cholinga choti udzaphwasulidwe nkuyala ganizo lomwelo pa tebulo loyera.

Ndipo mazira ofunika pa ntchitoyi amachokera m'matupi a akazi, amene amabaidwa mankhwala amphamvu kuti atulutse mazira ambiri nthaŵi imodzi. Hwang Woo-suk wa ku South Korea adalengeza mu 2004 ndi 2005 kuti wakopera miluza ya anthu, ndipo dziko lake lidamtenga ngati ngwazi. Pambuyo pake zidadziŵika kuti zotsatira zakezo zinali zabodza, kuti adagwiritsa ntchito mazira oposa 2,000, kuti akazi ena adalipidwa, ndi kuti ena mwa opereka anali antchito ake aang'ono. Dera limene lidaona matenanti akugwira ntchito chaka chathunthu nkubwerera kwao ndi ngongole, mpaka Nyumba ya Malamulo idaletsa utenanti mu 2021, silifunika kuuzidwa kuti msika wotere ukatseguka, ogulitsa mazira ndi obwereketsa mimba adzakhala ana a yani.

Chokondweretsa nchakuti njira ina idapezeka. Shinya Yamanaka wa ku Japan adaonetsa mu 2006 ndi mbeŵa, ndipo mu 2007 ndi maselo a anthu, kuti selo la pakhungu la munthu wamkulu lingathe kubwezedwa ku ukhanda popanda dzira ndiponso popanda mluza. Chaka chomwecho cha 2007, Ian Wilmut mwiniwake adalengeza kuti akusiya njira yokopera miluza kuti atsate ya Yamanaka. Mu 2012 Yamanaka ndi Gurdon adalandira limodzi mphoto ya Nobel. Apa tikuona kuti malire a chikumbumtima saimitsa nzeru. Nthaŵi zina amaikankhira ku njira yabwino koposa.

Nanga osaona mphatso?

Sitingatseke nkhaniyi osakumbuka mabanja amene akhala zaka zambiri osaona mwana. Ululu wao ngwaukulu, ndipo ife anansi timauonjezera ndi mau athu: mkazi amatchedwa chumba, mwamuna amatchedwa gojo, achibale amayamba kunong'oneza za mitala kapena za fisi. Munthu wotere atauzidwa kuti selo la pakhungu pake lingampatse mwana, kodi tingadabwe atavomera? Mpingo sukana kuti athandizidwe. Umalimbikitsa madokotala kufufuza ndi kuchiza zimene zimatseka mimba, kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, pakuti vuto silikhala la mkazi yekha monga ambiri amaganizira. Chimene umakana nchakuti mwana akhale ngongole imene wina ayenera kutilipira mwa njira iliyonse. Kulakalaka mwana nkoyera, koma mwanayo alinso ndi zake zomuyenera, ndipo sangathe kudzilankhulira.

Ukwati wopanda mwana ndi ukwati wathunthu pamaso pa Mulungu. Ndipo dziko limene Edzi idasiya ana amasiye ochuluka silisoŵa ana ofuna bambo ndi mai. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'midzi mwathu muli amai ambiri amene sadabalepo, koma pa maliro ao adzalira ndi ana amene adaŵalera, kuŵaphunzitsa ndi kuŵakwatitsa. Miphakati yathu ikadayamba kuŵalemekeza anthu otere m'malo moŵanena, njala yofuna mwana mwa njira iliyonse ikadachepa.

M'makomo mwathu

Nkosavuta kudzudzula akatswiri a kutali pa tchimo limene ife tilibe zida zolichitira. Koma mtima umene ungakopere munthu suyambira m'labotale. Umayambira paliponse pamene mwana ayesedwa chinthu chopangidwira zofuna za akulu. Bambo amene akuthamangitsa mkazi wake chifukwa wabala ana aakazi okhaokha waitanitsa katundu ndipo akubweza belo. Banja limene limabisa mwana wolumala kuseri kwa nyumba alendo akabwera lamuika m'gulu la fodya wotaya. Kholo limene limatulutsa mwana m'kalasi nyengo yothyola ndi kusoka fodya laŵerengera manja a mwanayo nkuiŵala mutu wake. Amene amakwatitsa mtsikana wa zaka 15 kuti ngongole ithe wamuika pa sikelo. Ngakhale ife amene timakakamiza mwana kuti akhale dokotala, wansembe kapena mlimi chifukwa ndi zimene ifeyo tidalephera kukhala, tikufuna chokopera chathu, ngakhale tilibe magetsi odzidzimutsira dzira.

Tiyeni tsono tiphunzitse ana athu sayansi mosaopa. Dziko lino likufuna akatswiri amene adzapeze nthochi zopanda chisaka, chinangwa chopanda khate ndi ng'ombe zosaopa kashembe, ndipo ena mwa iwo ali m'sukulu za pulaimale za ku Chulu, Chamama ndi Nkhamenya lero lino. Koma pamodzi ndi nzeruzo tiŵapatse chimene makolo athu ndi Mpingo amagwirizana: chinangwa timabzala chimene tasankha, koma mwana timalandira amene wabwera. Iwo adzaphunzira zimenezi poona mmene ife taŵalandirira, wanzeru ndi wochedwa kumva, mnyamata ndi mtsikana, wakhungu lakuda ndi wachialubino. Amene adakula akudziŵa kuti kwao adamlandira osamuyeza, tsiku limene adzagwire dzira la munthu pansi pa galasi adzadziŵa pamene dzanja lake liyenera kuima.